Ndege ya Mchira Wachikasu

M'shopu yometera ya a Kaputeni munali zinthu zitatu zimene munthu sankaloledwa kukhudza: mashini awo akale a chingwe chofiira, wailesi ya pashelefu, ndi bolodi lakuda limene linakhomedwa pamwamba pa galasi. Pa mashini ndi wailesi mwina akanakukhululukira. Koma ukanangoyerekeza kupukuta chilembo chimodzi pa bolodi lija, ukanatuluka mutu utametedwa mbali imodzi.

Pa bolodipo panali mndandanda wa ndege zisanu zimene zinkatera pa bwalo la kuseri kwa fakitale ya sopo. Mayina enieni a makampani ake a Kaputeni sankavutika nawo, ankati amalumitsa lilime. Ankangozitchula potengera mtundu wa mchira. Pamwamba pankakhala Wofiira kapena Wabuluu, malingana ndi mwezi. Pakati pankasinthana Woyera ndi Wamizere. Koma pansi penipeni, pafupi ndi msomali wokolekapo thaulo, panali Wachikasu, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi sanasunthepo ngakhale pang'ono.

Anthu ena amayesa ndege ndi chakudya chake, ena ndi kusunga nthawi, ena ndi kumwetulira kwa ogwira ntchito m'katimo. A Kaputeni ankayesa ndi khosi. Mwamuna aliyense wa mumsewu wawo akabwera ku ulendo, ankayamba wadzameta, poti kunja kulibe munthu wodziwa mutu wake. Akakhala pampando, a Kaputeni ankamufunditsa nsalu, kenako ndi zala ziwiri ankamutembenuza mutu kumanja, kumanzere, n'kuuweramitsa. Khosi likamatembenuka mofewa ngati chitseko chothira mafuta, ndegeyo inkakwera pa bolodi. Likamakana, mwini wake n'kumakwinya nkhope, ndegeyo inkatsika.

"Pakamwa pamanama, achimwene," ankatero akuyatsa mashini. "Munthu amadya nkhuku yozizira m'mwambamo n'kubwera kuno akuti inali yokoma, kuopa manyazi. Koma khosi silinama."

Dzina la Kaputeni linabadwira pomwepo, ndipo dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso basi. Chimene anthu sankachitchula n'chakuti kaputeni ameneyu phazi lake linali lisanapondepo m'ndege chibadwire. Kunena zoona, sananamepo. Anangosiya kutsutsa. Wina akati, "Inu amene mwayenda mukudziwa," iwo ankangotsokomola pang'ono n'kupitiriza kupesa, ndipo chaka chilichonse kutsokomolako kunkawonjezera maulendo. Mumtima ankachita mantha ndi tsiku limene anthu adzazindikire, komanso ankachita mantha ndi ndege yeniyeniyo, chinthu cholemera kuposa basi chimene chimangokhala m'malere popanda chochigwira.

Panali munthu mmodzi amene bolodilo silinkamusangalatsa, Aphunzitsi, amene anapuma ntchito koma pakamwa sipanapume. Ankabwera Loweruka lililonse kudzametetsa tsitsi limene linatha kalekale, atanyamula foni yodzaza ndi nkhani.

"A Kaputeni, akatswiri atulutsanso mndandanda wa chaka chino," anatero Loweruka lina, magalasi ali pamphuno. "Afunsa anthu miyandamiyanda. Ayeza mipando ndi tepi, awerenga mphindi zimene ndege iliyonse imachedwa, alawa ngakhale tiyi. Wachikasu wanuyo amupatsa nyenyezi zinayi. Zinayi! Inu mukumusunga pafupi ndi thaulo."

"Akatswiri anuwo anagwirapo makosi angati?"

"Nkhani ya khosi ikubweranso bwanji apa?"

"Ndiye vuto lake limenelo. Nyenyezi n'zakumwamba, aphunzitsi, munthu sutsamira nyenyezi. Tafunsani a Sipeya awa."

A Sipeya, amene ankagulitsa zida za galimoto ndipo ankakwera ndege kawiri pamwezi kukatenga katundu, anali pampando nkhope ili thovu lokhalokha. Anakweza dzanja pansi pa nsalu.

"Ine musandilowetsemo," anatero. "Wofiira ali ndi chakudya chabwino koma mawondo amagunda mpando wakutsogolo. Wabuluu malo a miyendo alipo, koma bulangete lake ndi ngati mpango wopukutira mphuno. Wachikasu ndinakwerapo kawiri, ndipo sindinaone choipa."

"Khosi lanu linaona," anatero a Kaputeni, n'kuwatseka pakamwa ndi thaulo lotentha.

Nthawi yomweyo kunamveka mkokomo kumwamba. A Kaputeni anasiya lumo pashelefu, n'kutuluka panja dzanja lili pachipumi, monga ankachitira ndege iliyonse ikamadutsa. Anaitsatira ndi maso mpaka inabisika kuseri kwa tanki ya madzi, kenako anabwerera. A Sipeya anadikira ndi thovu lawo osadandaula, poti anazolowera.

Masana a tsiku lomwelo foni ya a Kaputeni inalira. Anali mwana wawo yekhayo, namwino amene ankagwira ntchito m'chipatala cha kutsidya kwa nyanja. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, anthu ankatero powatonthoza, ndipo iwo ankavomera ndi mutu wokha. Pagalasi la foni panaoneka nkhope yake, ndipo pansi pa chibwano chake panatulukira kamutu ka mdzukulu wawo, kamtsikana ka zaka zitatu kamene anali asanakanyamulepo.

"Agogo a m'foni!" kanafuula.

"Ababa, tamverani bwinobwino," anatero namwino uja. "Ndagula matikiti awiri, anu ndi a amayi. Mubwera mwezi wamawa pa teni. Chaka chino palibe zoti shopu singatsekedwe. Mwanayu dzulo anatembenuza foni kuti aone ngati muli kumbuyo kwake. Akuganiza kuti mumakhala mmenemo."

A Kaputeni anaseka, koma chinachake chinawabaya pamtima. Anafunsa mwaulemu, ngati munthu wofunsa za nyengo, kuti ndi ndege iti.

"Ya mchira wachikasu."

A Kaputeni anakhala pampando wa makasitomala. Anayamba kufotokoza kuti Wofiira ali bwino kwambiri miyezi ino, kuti ngakhale Wamizere angapirire naye, koma mwana wawo anawadula pakamwa. Anati Wachikasu yekha ndi amene amapita molunjika. Ndege zinazo zimakatula munthu pa bwalo lina lalikulu ngati tawuni, kumene amayenera kuthamanga ndi zikwama kufunafuna ndege yachiwiri, ndipo iye safuna kukatola makolo ake ku ofesi ya katundu wotayika.

Kunyumba, mayi a kunyumba anali akusita kale zovala ngati ulendo ndi wa mawa. Iwo ndege anali atakwerapo, pamene mdzukulu ankabadwa, ndipo inali ya Wachikasu yemweyo. Anabwerako khosi lili bwinobwino, koma a Kaputeni anakana kuliwerengera, ati umboni umachokera pampando wometera basi.

"Mayi, ulendowu ukufunika kuuganizira," anayamba choncho akuvundula tiyi amene analibe shuga. "Taganizani, ine zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti asakwere ndege imeneyi. Mawa amve kuti ndakwera ndine. Nkhope ndiiika kuti?"

"Pamalo pake pomwepo, pansi pa chipumi."

"Mukuchita nthabwala pa nkhani yaikulu."

Mayi aja anaimika simbi, n'kuwayang'ana mmene ankawayang'anira akabwera ndi nsapato zamatope pa simenti yokolopa.

"Bambo, ine ndakhala nanu zaka makumi atatu ndi zinayi. Kushopu mungawanamize, ine ayi. Ndege ija sinalakwire khosi la munthu aliyense. Tsiku limene mwana wathu ankapita, munaima pa mpanda wa bwalo lija mpaka mchira wachikasu unasanduka kadontho. Tinabwera kuno simunadye. M'mawa mwake munatenga choko n'kuilemba pansi, ndipo mpaka lero mukuilanga ngati inachita kumuba. Chachiwiri, mukuopa. Nenani kuti mukuopa, si mlandu."

A Kaputeni anayang'ana m'kapu. Mawu amenewo anawapweteka chifukwa munalibe bodza ngakhale limodzi.

"Ine pa teni ndikupita," anapitiriza mayi aja akutenganso simbi. "Inu mukafuna tsalani, mukhale agogo a m'foni mpaka mwanayo adzakwatiwe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

Sabata yonse a Kaputeni anameta maganizo ali kwina. Ankayang'ana bolodi, n'kuyang'ana chithunzi cha mdzukulu chimene anachipanikiza pakona ya galasi. Kasitomala wina anapempha kuti angomuchepetsa pang'ono, anatuluka ndi mpala. Ndipo nkhani, monga mwa chikhalidwe chake, sinadikire kuti aitulutse okha. Mayi a kunyumba anaiuza mkazi wa a Sipeya pogula sopo, mwadala, ndipo pofika Loweruka shopu inadzaza ndi anthu amene tsitsi lawo linali lisanamere n'komwe.

Aphunzitsi anafika atavala jekete ngati akupita ku khoti.

"Tamva kuti kaputeni wathu akuuluka," anatero akukhala pabenchi. "Ndipo tamva kuti akuuluka ndi nambala yomaliza. Ndiye timati mutithandize, inu amene mwayenda. Poyerekeza ndi ndege zina zimene munakwerapo, iyi mukuyembekeza kuti ikhala bwanji? Mwa njira ina, a Kaputeni, pa zisanu zili apozi, munakwerapo ziti?"

Benchi yonse inatembenukira kwa mwini shopu. Ngakhale wailesi inkamveka ngati yadzichepetsa. A Kaputeni anamva kutsokomola kuja kukubwera kukhosi monga mwa masiku onse, kokonzeka kuwapulumutsa. Anayang'ana kachithunzi ka pakona ya galasi. Anameza malovu, ndipo kutsokomolako kunabwerera kumene kunachokera. Anazimitsa mashini.

"Palibe," anatero. "Sindinakwerepo ndege ine. Ngakhale kukhudza tayala lake. Ndipo ndikamaganiza za pa teni, ndimaopa."

Anadikira kuti denga liwagwere. M'malo mwake a Sipeya, amene anali pampando, anayamba kugwedezeka mapewa pansi pa nsalu, kenako anaphulika chikhakhali mpaka kutsamwa. Benchi yonse inatsatira. Aphunzitsi anavula magalasi kuti apukute misozi.

"Achimwene," anatero a Sipeya atapeza mpweya, "mumaganiza kuti sitinkadziwa? Munthu wokwera ndege sasiya mnzake ndi thovu kumaso n'kuthamangira panja kukaiona ikudutsa. Ine zaka khumi ndakhala ndikuuma ndi sopo pampando uno!"

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Tinene kuti bolodi lichoke? Nanga Loweruka tizikangana za chiyani?"

A Kaputeni anachita manyazi mpaka makutu kutentha, koma pansi pa manyaziwo anamva kupepukidwa kumene anali asanakumvepo kwa zaka zambiri. Anaseka nawo, poyamba monyinyirika, kenako ndi mtima wonse. Ndipo anthu amene ankabwera kudzamva malangizo anasanduka alangizi. Wina anati asadye chilichonse kuyambira dzulo lake. Wina anati adye kwambiri kuti m'mimba mukhazikike. A Sipeya anati atafune chingamu ndege ikamanyamuka kuti makutu asatsekeke, ndipo apemphe mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti azitha kupita kuchimbudzi popanda kudumpha anthu. Aphunzitsi anawalembera papepala zinthu zoti akaone: kutalika kwa mpando, kutentha kwa tiyi, mphindi zochedwa, ukhondo wa kuchimbudzi.

"Mukabwere ndi umboni wa sayansi," anatero. "Khosi tidzakuyezani ife."

Pa teni, m'mawa dzuwa litangotuluka, a Kaputeni anakwera masitepe a ndege atavala suti ya ukwati wa mwana wawo, dzanja limodzi litagwira chitsulo, lina litagwira chigongono cha mayi a kunyumba. Pafupi, mchira uja unali waukulu ngati khoma la fakitale. Anauyang'ana mwaukali pang'ono, ngati munthu amene wakumana ndi mdani wake pa ukwati wa wachibale ndipo ayenera kumupatsa moni.

M'katimo anapeza kuti mwana wawo anawasankhira mpando wa pazenera, kumanzere. Anakhala, nagwira mbali ziwiri za lamba n'kumazikankhanitsa, koma sizinkalumana.

"Mwatenga wanga, bambo," ananong'oneza mayi aja. "Wanu mwaukhalira."

Kunena chilungamo, tsiku limenelo Wachikasu sanadzithandize. Ndege inachedwa kunyamuka pafupifupi ola lathunthu. Mpando unali wothina, ndipo bambo wina wamtali wa kumbuyo anakhazika bondo pamsana pa a Kaputeni ngati walipirira malowo. Injini zitayamba kubangula, a Kaputeni anaiwala chingamu cha a Sipeya m'thumba, natseka maso, nafinya dzanja la mkazi wawo mpaka mphete kulowa m'mnofu. Anamva thupi likukanikizidwa pampando, kenako kugwedezeka kwa matayala kunangoti zii.

"Tsegulani maso," anatero mayi aja. "Mukuphonya."

Anatsegula limodzi, kenako linalo. Pansi panali denga la fakitale ya sopo, laling'ono ngati bokosi la machesi. Panali tanki ya madzi ija imene inkawabisira ndege zaka zonsezi, ndipo tsopano anali kuseri kwake. Anafunafuna msewu wawo, naupeza, napeza kadenga kofiira kamene mwina kanali ka shopu, ndipo patsogolo pake panali timadontho tingapo. Mpaka lero amalumbira kuti kamodzi kanavala jekete.

Kenako analowa m'mitambo n'kutulukira pamwamba pake. A Kaputeni anali atakhala zaka makumi asanu ndi limodzi akuona mitambo chapansi, ndipo palibe kasitomala ngakhale mmodzi amene anawauzapo kuti pamwamba pake ndi poyera chonchi, ndiponso kuti kumeneko dzuwa limawala ngakhale pansi kuli mvula. Anthu onsewa ankabwera n'kumakamba za nkhuku yozizira ndi mabulangete! Anakanikiza chipumi pazenera ndipo sanachichotsepo. Anaona mitsinje yopindika ngati ulusi, chipululu chofiirira chopanda malire, kenako nyanja. Pepala la Aphunzitsi linakhala m'thumba limodzi ndi chingamu.

Mnyamata wogawa chakudya atafika n'kufunsa ngati akufuna nkhuku kapena nsomba, a Kaputeni anayankha kuti, "Chilichonse, mwanangu," maso ali panja. Anacheuka kamodzi kokha pa ulendo wonse wa maola asanu ndi anayi, pamene wogawa chakudyayo ankatembenuka ndi ngolo yake.

"Pepani," anamuitana. "Amene anakumetani anakulakwirani kumbuyoku. Mzere wapendekera kumanja."

Mayi a kunyumba anadziphimba kumaso ndi bulangete.

Atatera, chikwama cha a Kaputeni sichinatuluke. Anaima pa lamba wozungulira uja mpaka anatsala okha, ndipo wa pa ofesi anapepesa kuti chibwera mawa. Tsiku lina nkhani imeneyi ikanakhala chakudya cha miyezi itatu m'shopu. Koma zitseko zagalasi zitatseguka zokha, anaona mwana wawo ataima kuseri kwa chingwe, wonenepa pang'ono kuposa kale, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Anamukumbatira mwamphamvu.

Mdzukulu anabisala kuseri kwa miyendo ya mayi ake, diso limodzi lokha likusuzumira. Anayang'ana nkhope ya a Kaputeni kwa nthawi yaitali. Kenako anakoka foni m'thumba la mayi ake, naiyang'ana, nayang'ananso nkhalamba ya suti imene inaima patsogolo pake. Anatuluka pang'onopang'ono, nawazungulira kamodzi kuti aone ngati ali ndi kumbuyo. Anagwira bondo lawo ndi chala, ngati munthu woyesa ngati simbi yatentha.

"Amayi!" anafuula mpaka anthu kucheuka. "Agogo ali ndi miyendo!"

A Kaputeni, munthu amene sanalire ngakhale tsiku limene shopu yawo yoyamba inapsa, analira pamaso pa anthu achilendo ambirimbiri. Anawerama n'kumunyamula, namukhazika pakhosi, ndipo kamtsikanako kanagwira makutu awo ngati zogwirira za njinga.

Kwa masabata atatu sikanatsikepo. Ankapita nako kupaki kali pakhosi, kusitolo kali pakhosi, kukadikira mayi ake pageti la chipatala kali pakhosi. Anakadula tsitsi la pachipumi ndi sizasi ya kukhitchini, ndipo kanakhala phee, chinthu chimene mayi ake anati sichinachitikepo. Masiku anathamanga mopanda ulemu. Tsiku lobwerera, pa zitseko zagalasi zomwe zija, kamtsikanako kanakumbatira mwendo wawo wakumanzere ndi manja onse awiri n'kukana kuusiya. Anachita kukamasula chala chimodzichimodzi, kakulira kuti agogo asabwerere m'foni.

Pobwerera, Wachikasu anachita zonse bwino, ngati wamva kuti akuyesedwa. Ananyamuka pa nthawi yake. Mpando wa kumbuyo unalibe munthu. Tiyi anali wotentha, nsomba inali yofewa, ndipo chikwama chawo chinali choyamba kutuluka. A Kaputeni sanakondwe ndi chilichonse mwa zimenezi. Anakhala atapotokola khosi kuyang'ana kumbuyo kwa phiko mpaka nyanja inatha.

Loweruka lotsatira shopu inadzaza mpaka ena kuima pakhonde. Ngakhale mayi a kunyumba, amene sankakonda fungo la mafuta a tsitsi, anabwera n'kutsamira pachitseko. A Kaputeni asanavale n'komwe epuloni, a Sipeya ndi Aphunzitsi anawagwira mikono n'kuwakhazika pampando wawo womwe. Anawafunditsa nsalu. A Sipeya anapinda manja a shati, nakweza zala ziwiri kuti aliyense aone, n'kugwira mutu wa kaputeni.

"Kumanja."

Mutu unayenda pang'ono n'kuima.

"Kumanzere."

"Mayo!" anakuwa a Kaputeni.

"Lauma ngati thabwa!" analengeza a Sipeya. "Anthu inu, zaka khumi ndakhala pampando uno, sindinaonepo khosi loipa chonchi. Khosi silinama!"

Shopu yonse inabwereza mawuwo ndi chisangalalo. Aphunzitsi okha ndi amene anaoneka okhumudwa, poti nyenyezi zawo zinayi zinali zitagonja pamaso pa anthu. Anapempha pepala lawo la sayansi, ndipo a Kaputeni analitulutsa m'thumba lopanda cholembedwa chilichonse, litamatirira ku chingamu.

"Musaipake ndege matope," anatero mayi a kunyumba ali pachitseko pomwepo. "Munthuyu popita anamata nkhope pazenera ngati sitampa. Kumeneko masabata atatu wakhala hatchi ya mdzukulu wake. Pobwera anayang'ana kumbuyo njira yonse. Khosi limenelo likanauma ngakhale akanamugoneka pa matiresi."

"Ndiye kuti khosi limanama?" anafunsa Aphunzitsi, maso akuwala.

"Silinama," anatero a Kaputeni akudzimasula nsalu. "Kungoti sindinkalifunsa kuti laumira chiyani."

Anaimirira, natenga choko m'kabati, nakwera pa kampando kamene amakhazikapo ana. Anthu onse anakweza maso, poti bolodi likamasintha ngakhale wa pakhonde ankavula chipewa. Ndi chala chonyowa anapukuta pamwamba penipeni, pamwamba pa Wofiira, n'kulemba pang'onopang'ono ndi zilembo zazikulu: WACHIKASU, POPITA. Aphunzitsi anayamba kuwomba m'manja. Koma a Kaputeni sanathe. Anatsika, nawerama ndi msana wonse poti khosi linkakana, nafika pafupi ndi msomali wa thaulo pamene dzina lakale linali lidakalipo. Sanalipukute. Anangowonjezera mawu amodzi kutsogolo kwake: POBWERERA.

"Iyayi, a Kaputeni, izi sizingatheke," anatero Aphunzitsi akutulutsa foni. "Kampani imodzi singakhale yoyamba komanso yomaliza. Ndege ndi yomweyo, mipando ndi yomweyo. Ndiponso mayi akuti pobwerera ndi pamene zonse zinayenda bwino. Palibe katswiri angavomereze zimenezi."

"Popita inachedwa, tiyi anali wozizira, bondo la munthu linali pamsana panga, chikwama chinasowa," anatero a Kaputeni akupukuta choko m'manja. "Ndipo ikanati ndikwere pa phiko, ndikanakwera. Pobwerera inandisamala ngati nduna, koma inali ikundichotsa kwa mwana amene anagwira mwendo uwu. Mukawalembere akatswiri anuwo, aphunzitsi. Muwauze kuti asanafunse munthu za tiyi, azimufunsa kaye kuti akupita kwa ndani, ndipo wasiya ndani."

Aphunzitsi anazimitsa foni yawo. Anaibweza m'thumba la jekete. Iwonso anali ndi mwana wamwamuna kutali, amene anali asanabwere kwa zaka zinayi.

A Sipeya anakhala pampando, ndipo mashini a chingwe chofiira anayamba kulira. Mbali imodzi ya mutu itatha, kumwamba kunamveka mkokomo. A Kaputeni anazimitsa mashini n'kutuluka, ndipo ulendo uno benchi yonse inawatsatira, ngakhale a Sipeya ndi nsalu yawo pakhosi. Ndegeyo inali ikukwera, mchira wake wachikasu ukuwala padzuwa, mphuno italoza kutsidya kwa nyanja. A Kaputeni anaitsatira potembenuka thupi lonse, phazi ndi phazi, mpaka inabisika kuseri kwa tanki ya madzi.

"Iyo ikupita," anatero motsitsa mawu, dzanja lidakali pachipumi. "Nambala wani imeneyo."